Mawu anga anayenda popanda ine

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinaweta mbuzi, sukulu ndinalekeza ku pulayimale, basi. Ndilemba za ntchito, makamaka za galimoto ya uthenga, chifukwa mwamva zambiri kwa anthu ndipo zina n'zabodza.

1990

Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula matumba pa depoti ya kampani ya mbewu, pa boma la Chongwe. Dzina la kampani ndilisiya. Ndinanyamula zaka zambiri mpaka msana unayamba kukana. Tsiku lina ndinaitana munthu wa ngolo amene anali kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo woyang'anira depoti, ba Tembo, anatuluka mu ofesi atagwira makutu. Anati, "Ba Mbewe, mau aya muyaononga pa matumba." Sabata yotsatira anandiika m'galimoto ya uthenga. Inali galimoto yoyera yakale, ya malipenga awiri padenga. Woyendetsa anali Sakala, wa ku Petauke, munthu wa pakamwa posatseka. Iye ankalankhula tsiku lonse popanda makina. Ine ndinkalankhula m'makina mokha.

Ntchito inali kuuza anthu zimene ayenera kudziwa. Tsiku limene mbewu yafika, mtengo wake, matenda a ng'ombe, mlatho umene wakokoloka. Ndiponso maliro. Nthawi imeneyo kumidzi kunalibe mafoni. Munthu akamwalira, abale ankatuma wa njinga ku depoti, ndipo ba Tembo ankalola kuti uthengawo upite ndi galimoto m'njira yathu, kwaulere. Motero ndinadziwa mayina a mabanja kuyambira ku boma mpaka kuseri kwa Chalimbana, a eni nthaka ndi a ife obwera. Ndinawadziwa chifukwa cha akufa awo.

Kuseri kwa mpando kunali chitsulo, chidutswa cha pulawo yakale chomangidwa ndi waya. Lamulo la ba Tembo linali lakuti nkhani wamba iyambe ndi nyimbo, koma maliro kapena ngozi ziyambe ndi chitsulo, katatu, pafupi ndi maikolofoni. Kulira kwake kunali kozizira, kunkapita kutali m'madambo. Anthu akachimva ankasiya makasu pomwepo. Amuna ankavula zipewa asanadziwe kuti wafa ndani. Ba Tembo anandiuza kamodzi kokha kuti, "Chitsulo ichi si changa, si chanu. Mukachimenya pachabe tsiku limodzi, chasila nchito," ndiko kuti chatha ntchito. Ine ndinkayankha kwa iwo okha, osati kwa makalaliki ogulitsa. Chaka chimenecho mbewu ina sinamere bwino, ndipo ananditumiza kukanena m'midzi kuti amene anagula abweze. Ogulitsa anadandaula. Ba Tembo anati asiye kudandaula.

Zosowa zinali zambiri. Petulo ankasowa, batire inali yakufa, moti m'mawa uliwonse tinkakankha galimoto ndi anthu a pamsika. Matayala tinkasoka. Koma ntchito ndinaikonda.

1991

Boma litasintha, zinthu zinasintha nazo. Makampani anauzidwa kuti adziimire okha, ndipo ena ogulitsa mbewu anatsegula mashopu pa boma. Ba Tembo anawapumitsa. M'malo mwawo munabwera mkulu wa zamalonda wochokera ku Lusaka, ba Chanda, mnyamata wa tayi, wophunzira. Musamutenge ngati munthu woipa. Amanu atadwala, iye ndi amene anawatengera kuchipatala pa galimoto yake. Koma iye anatumidwa kudzagulitsa, ndipo chilichonse ankachiona ndi diso logulitsa.

Anandiitana mu ofesi, nayamba ndi moni wa Chibemba. "Ba Mbewe, muli shani? Nkhalani. Kuyambira lelo motoka ya uthenga ili pansi pa malonda. Vonse vokamba vizayamba kupita pa tebulo yanga."

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Petulo wa motoka iyi achoka kuti? Achoka mu mbeu zamene tigulitsa. Malipiro yanu yachoka kuti? Kumodzimodzi. Kampani ifunika kukhala na kamwa imodzi. Sitingakhale kuti ine nikamba ivi ku shopu, imwe mukamba vina ku midzi."

"Nanga maliro?"

"Maliro ni ya mipingo, mudala. Ise ndise ba mbeu."

Ndinati kamwa imene ikugulitsa singanene kuti katundu waipa. Anaseka, nati katundu wathu saipa. Ndinatuluka. Kwa miyezi ingapo ndinkanenabe maliro kumapeto, nditatha kutamanda mbewu. Pambuyo pake analetsa, ati akuchedwetsa ulendo. A njinga anabwerabe ku depoti kwa kanthawi, kenako anasiya.

1992, chilala

Chaka chimenecho mukuchidziwa, akuluakulu inu munalipo. Chimanga chinauma chisanabereke. Mtsinje unasanduka mchenga, ng'ombe zinkagwa m'njira. Kampani inali ndi mbewu yambiri m'nyumba yosungira, ndipo inkafuna kuti yonse ituluke mvula isanagwe.

Ba Chanda ananditengera ku Lusaka. Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera, makoma ake ofewa ngati matiresi. M'menemo mawu sankabwerera. Ukalankhula, ankangothera pakamwa. Anandipatsa pepala kuti ndiwerenge, ndipo munthu wina kuseri kwa galasi ankati, "Bwezani, mudala, koma museke pang'ono." Ine si munthu woseka. Ndinabwereza mpaka anapeza kuseka kumene ankafuna. Anandigulira chakudya, tinabwerera. Patapita masiku kunabwera matepi ndi magalimoto ena awiri. Woyendetsa aliyense ankangodina batani, mawu anga n'kuyamba. Munthu mmodzi sangakhale m'midzi itatu nthawi imodzi, koma tepi ingathe. Ine anandibweza ku depoti kukasoka matumba ong'ambika.

Sakala anandiuza pambuyo pake kuti ba Chanda anamufunsa chimene chinkathamangitsa anthu kubwera ku galimoto kale. Iye ndi pakamwa pake anafotokoza zonse. Chitsulo chinapita ku Lusaka kukajambulidwa pa tepi, chinabwerako mawa lake. Ine sindinadziwe.

Ndinadziwira kumanda. Munali mu Okutobala, masana, dzuwa loswa mutu. Tinkaika mkulu wa mpingo wathu kuseri kwa Chalimbana, ndipo ine ndinali mmodzi wa okumba. Bokosi linali litatsika, amayi akuimba motsitsa. Ndipamene chitsulo chinalira kumsewu. Kamodzi, kawiri, katatu. Nyimbo inaduka. Anthu anayang'anana, aliyense akuwerenga m'mutu amene anawasiya kunyumba akudwala. Mayi wina anayamba kulira mwatsopano asanamve dzina. Kenako kunamveka mawu anga, akuseka. "Alimi anzanga! Gulani lero, mudzaseke pokolola!" Ndinali nditaima pa mulu wa dothi, fosholo m'manja, pakamwa panga potseka. Mawuwo ankayenda pang'onopang'ono kuseri kwa mitengo, galimoto osaoneka, fumbi lokha. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Palibe anakalipa. Ankangoyang'ana milomo yanga. Nkhalamba ina imene inali pafupi inandigwira mkono, inaufinya ngati ikuyesa papaya, n'kufunsa motsitsa kuti, "A Mbewe, muli kuno kapena muli uko?"

Tinakwirira manda mawu anga akupita kumudzi wotsatira. Tili m'njira yobwerera tinamva chitsulo chikuliranso patali.

Kuyambira tsiku limenelo ena anasiya kundipatsa moni wa dzanja. Amanu anauzidwa kuchitsime kuti mwamuna wawo amayenda malo awiri. Ena ankati kampani inandichotsa mawu n'kuwatsekera m'bokosi, ndipo amene akusoka matumba ndi chikopa chabe. Ndinapita kwa ba Chanda kukanena za chitsulo. Anati, "Koma mudala, muone mwamene banthu babwelela! Sitinagulitsepo so." Zinali zoona. Masabata oyamba anthu ankathamangira galimoto, ndipo ena pobwerera ankagula. Kenako anazolowera. Sakala anati tsopano chitsulo chikalira, ngakhale mbuzi sizidzutsa mutu.

Novembala 1992

Mbewu yathu inali yofiira. Ankaithira mankhwala kuti isadyedwe ndi tizilombo, ndipo utoto wofiirawo unali chizindikiro. Anthu anagulitsa mbuzi ndi njinga kuti aigule. Koma mvula inachedwa, ndipo chimanga cha thandizo sichinkafika msanga m'midzi ya kutali ndi msewu. Ganizirani nyumba imene ana sanadye, pakona pali thumba la chimanga.

M'mawa wina kunabwera mayi wina amene ndinkamudziwa, amake Dalitso, wa mudzi wa kuseri kwa phiri. Anayenda wapansi. Sanalowe mu shopu, anabwera kumene ndinkasoka. Anakhala pansi, anandipatsa moni, kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Ba Mbewe, imwe muidziwa mbeu iyi. Nifuna muniuze chabe. Nitsuke kangati kuti mankhwala yachoke?"

Ndinaika singano pansi. Ndinafunsa ngati adya kale.

"Tatsuka na phulusa, tayanika, tagayitsa. Kufiira kunachoka. Koma nkhuku zinamwa madzi yotsukila zafa zonse. Apongozi anga asanza kuyambira dzulo, maso yaona mdima. Mwina sitinatsuke bwino."

"Ndinu nokha?"

"Mudzi wonse. Na midzi ya kumbuyo. Ena atsuka kawiri, ena kasanu. Ndiye nati nifunse amene adziwa."

Ndinamuuza kuti utoto umachoka koma mankhwala sachoka. Iye anati, "Ufa watsala wambili," n'kunyamuka.

Ndinalowa kwa ba Chanda osagogoda. Ndinafotokoza. Nkhope yake inasintha, sindinganame. Ndinapempha galimoto imodzi ndi maikolofoni, tsiku lomwelo.

"Pa saka palembedwa kuti si yakudya," iye anatero.

"Pa Chizungu. Ndipo ambiri agula yoyezedwa pa chitini, yopanda saka."

"Ok. Nizatumila ku Lusaka lelo. Bakonze mau bwino, tipange tepi ina. Sabata imodzi chabe."

"Ufa uli kale m'nyumba."

Anaimirira, anatseka chitseko. "Mvelani, mudala. Uno ni mwezi wobyala. Mukapita na mau yanu aya kukakamba kuti mbeu yathu ipaya, banthu bazamvela chinthu chimodzi chabe: poizoni. Bazapita kugula kwa banzathu, yamene nayo ili na mankhwala yamodzimodzi. Ise tizatsala na masaka, depoti izavalika, bonse aba mubaona panja bazapita kunyumba. Nkhani monga iyi ifunika kukambiwa mwanzelu, na banthu bodziwa kukamba. Ine nilibe mphamvu yoichosa neka. Naimwe mulibe."

Ndinati kale ba Tembo akanandituma nthawi yomweyo. Anati ba Tembo kulibe, ndipo galimoto ili pansi pa malonda. Anandiletsa momveka, kawiri.

Ndinauza amanu madzulo kuti mawa ndipita kumidzi ndi galimoto, popanda chilolezo. Anati, "Tili ndi ana asanu." Anapitiriza kusankha ndiwo. Patapita nthawi anati, "Malaya oyera ndachapa, muvale amenewo."

M'mawa ndinadikira Sakala pa mphambano, kunja kwa boma. Anaimitsa, anandiyang'ana, anadziwa.

"Imwe ba Mbewe muzanichotsetsa nchito."

"Ukakambe kuti ninakukakamiza."

"Na chithupi chanu icho azakhulupilila. Kwelani. Ine nine dalaivala chabe, siniona amene akwela."

Tinapita kumudzi wa amake Dalitso. Ndayenda m'midzi yambiri pa moyo wanga, koma wachete chotero sindinauonepo. Dzuwa linali litakwera, koma panalibe tambala, panalibe galu wothamangira matayala. Pafupi ndi chitsime dothi linali lofiirira, mtunda wonse umene madzi otayidwa anayenda. Pakhomo lililonse panali mphasa, ndipo pamphasa chimanga chotuwa, choyanikidwa bwinobwino, popanda mbalame ngakhale imodzi yotera. Kudzala kunali nkhuku zakufa zimene palibe chinazikhudza. Anthu analipo. Mayi wina ankapeta. Amuna anayi ankasewera nsolo pansi pa mtengo. Koma onse ankayenda pang'onopang'ono, ngati ali m'madzi.

Ndinatenga chitsulo, ndinamenya katatu. Kulira kunapita mpaka kuphiri n'kubwerera. Palibe anatembenuka. Mayi wopeta uja anapitiriza. Ndinalankhula m'maikolofoni, ndinati mbewu yofiira si chakudya. Ndinabwereza. Mmodzi wa amuna a nsolo, osadzutsa mutu, anakuwa motsanzira mawu anga kuti, "Mudzaseke pokolola!" Anzake anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu anjala. Mtsikana wosenza ndowa anadutsa pamaso pa galimoto penipeni, anayang'ana pagalasi pamene ndinakhala, ndipo maso ake anandipitirira ngati pampando palibe munthu.

Sakala anati, "Aganiza ni tepi yatsopano. Samvela mau, amvela chabe kuti Mbewe wayamba."

Ndinakhala ndi maikolofoni m'manja, ndikumva mpweya wanga ukutuluka m'malipenga padenga. Kenako ndinazindikira mmodzi wa amuna aja. Anali ba Kapini. Akazi awo anamwalira nthawi ya ba Tembo, ndipo ndine ndinalengeza.

"Ba Kapini," ndinatero. "Imwe mwavala chipewa chong'ambika kumbuyo. Ikani miyala pansi. Nine Mbewe. Nine n'nalengeza maliro ya amake Joyce, tsiku lija mvula inatigwila pa mlatho."

Miyala inagwa m'dzanja lawo. Anaimirira, anavula chipewa. Sanayang'ane ine, anayang'ana malipenga. Anzawo anabwerera m'mbuyo.

"Imwe amai mupeta pa nyumba ya chitseko cha malata, ndimwe mlongo wa malemu Shadreck. Ikani lichelo pansi. Musagayitse icho."

Lichero linagwa, chimanga chinamwazika. Ndinapitiriza. Nyumba iliyonse imene ndinkaidziwa ndinaitchula ndi wakufa wake, chifukwa ndi mayina amene ndinali nawo. Zitseko zinayamba kutseguka. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, anaima patali mozungulira galimoto. Ena anagwada. Ndikuganiza kuti ena anakhulupirira kuti bokosi lija layamba kuona. Ndinatsika, waya wa maikolofoni unali waufupi, ndinaima pafupi ndi chitseko. Onse ankayang'ana milomo yanga ngati tsiku la kumanda lija. Gogo wina wa ndodo anayandikira nati, "Zimya makina. Kamba na kamwa yako." Sakala anazimitsa. Ndinalankhula ndi mawu anga okha.

Ndinati mbewu yofiira ili ndi mankhwala amene sachoka ndi madzi kapena phulusa. Ufa wake utayidwe m'dzenje lakuya. Amene akusanza apite kuchipatala lero. Yotsala isungidwe, ndi mbewu yabwino ikalowa m'nthaka. Ndinathera pomwepo.

Ba Kapini anafunsa, "Tamvela. Manje tidye chani?"

Ndinawauza kuti yankho ndilibe. Anagwedeza mutu, anavala chipewa, anapita kukapinda mphasa ya pakhomo pawo.

Tinanyamula odwala m'galimoto, pamodzi ndi apongozi a amake Dalitso, tinawasiya kuchipatala, ndipo tinauza anamwino za njala ya midzi imeneyo kuti aifikitse kwa ogawa chimanga. Kenako tinabwerera kumidzi ya kumbuyo. Kulikonse zinali chimodzimodzi: chitsulo pachabe, mpaka nditatchula munthu. Kumene sindinkadziwa mayina, Sakala ankandinong'oneza zimene akuona. "Uyo wa buluku ya buluu, amanga mbuzi." Ine n'kunena m'malipenga, munthuyo n'kuuma pomwepo. Tinayenda mpaka petulo anatha, galimoto tinaisiya pa sukulu ina, tinabwerera wapansi.

Apongozi a amake Dalitso anamwalira patapita masiku awiri. Kaya inali njala, kaya mankhwala, kaya ukalamba, sindikudziwa. Ena onse amene tinawanyamula anachira. Uthenga wa maliro amenewo ndinauyendetsa ndekha pa njinga, chitsulo nditachipachika pa handulo. Ndinachichotsa m'galimoto tsiku lija ndipo palibe anachifunsa.

Zimene ba Chanda ananena zinachitika. Mbiri inafika pa msika itasintha, yakuti mbewu ya kampani yathu ikupha anthu. Ena anabweza matumba osatsegula. Mvula itagwa, ambiri anagula kwa ena, ndipo anthu angapo a pa depoti anawachotsa ntchito chaka chisanathe. Mmodzi wa iwo sanandilankhulenso mpaka imfa yake. Ba Chanda anandiitana. Sanakweze mawu. Anati, "N'nakuuzani, mudala. Na ine nili na bana." Ndinati ndikudziwa. Tepi yatsopano inabwera kuchokera ku Lusaka patapita masabata, ya mawu a munthu wina, ndipo chenjezo linali kumapeto, nyimbo itatha.

1993 mpaka 1998

Sanandichotse. Ananditumiza kukalondera pa geti la nyumba yosungira katundu cha ku Silverest. Nthawi imeneyo kunali tchire ndi minda, osati nyumba zimene mukuona lero. Sakala anamuimitsa kwa kanthawi, kenako anabwerera pa chiwongolero. Ine maikolofoni sindinaigwirenso. Ndinali ndi kanyumba ka malata, mpando, ndi galu wa kampani amene ndinkamudyetsa. Masiku ena pankadutsa lole imodzi yokha.

Ba Chanda anabwera kamodzi asanasamutsidwe. Anaimitsa galimoto pa geti, anatsika, anakhala pa njerwa. Anati ku likulu nkhani ija sinathe. Ena akuti uthenga ukhale ndi ofesi yakeyake yoyankha kwa bwana wamkulu, ena akuti ukhalebe pansi pa malonda chifukwa ndiko kuli ndalama. Anafunsa maganizo anga, mwina mongocheza. Ndinati wogulitsa akhale ndi lipenga lake, aziimba nyimbo mmene afunira. Koma pakhale munthu wina amene angathe kunena zoipa tsiku lomwelo, osapempha chilolezo kwa amene zimuonongere malonda. Ndipo asabwerekane chitsulo. Iye anati kampani yaing'ono singalipire pakamwa pawiri, ndipo pakamwa pawiri pamatsutsana pamaso pa anthu. Ndinati n'zoona. Tinasiyira pomwepo. Ponyamuka ndinapempha kuti andipatse matepi a mawu anga. Anati, "Ayo ni katundu wa kampani, mudala. Munasaina."

Mawu a pa tepi ndinawamvanso kamodzi, kutatsala chaka kuti ndipume ntchito. Anali masana a mwezi wotentha, kopanda mphepo. Ndinali pampando pa geti. Kutali kuseri kwa minda chitsulo chinalira katatu. Ndinaimirira, chipewa chili kale m'manja, ngakhale ndinkadziwa kuti chitsulo chenicheni chili kunyumba kwanga. Kenako mawu aja, a munthu wocheperapo zaka kuposa ine, akuseka, akutchula mitengo ya mbewu imene inatha kalekale. Woyendetsa wina watsopano ayenera kuti anapeza tepi yakale m'galimoto. Galu uja anadzuka, anathamangira kumene kunkachokera mawu akugwedeza mchira. Atafika pakati pa msewu anaima, anatembenuka, anandiyang'ana. Anayang'ana kuminda, anandiyang'ananso. Kenako analowa pansi pa lole imene inaima pa geti, ndipo tsiku limenelo anakana kudya m'manja mwanga.

Ndinapuma ntchito mu 1998. Depoti ya pa boma inatsekedwa pambuyo pake, ndipo katundu wake anapita ku Lusaka. Matepi sindikudziwa kumene ali.

Chitsulo ndi chija chili pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, chimene ndinkakukalipirani mukachiseweretsa. Tsopano mwadziwa chifukwa chake. Tsiku langa likafika, mmodzi wa inu achimenye katatu, kenako anene dzina langa ndi pakamwa pake, popanda makina. Ndipo wina akadzabwera ndi tepi ija kuti mumve mawu a atate anu, musaiyatse pamaliro. Anthu a kuno anandimva kale ndikulankhula pamanda.